Funsani Tikuyankheni: N'chifukwa Chiyani Nyimbo Zambiri za ku Japan Zimayamba ndi "Sa"?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akukhudza nkhani imodzi, ya mmene nyimbo za ku Japan zimatchulidwira ndiponso mmene zimasanjidwira. Tawayankha pamodzi chifukwa yankho la kalata imodzi likuthandiza kumvetsa inzake.

FUNSO: Akonzi, chaka chatha ndinaitanitsa galimoto kuchokera ku Japan, ndipo m'wailesi yake ndinapezamo nyimbo zambiri zimene mwini wake woyamba anasiyamo. Pasikirini pali mabatani khumi okhala ndi zilembo zimene sinditha kuwerenga. Ndikadina batani lachitatu pamatuluka mndandanda wautali, ndipo mphwanga atafufuza nyimbozo ndi foni yake anapeza kuti zambiri mitu yake ikuyamba ndi "sa". Zinayi zikungotchedwa "Sakura", ndipo palinso "Sakurazaka", "Sakuranbo" ndi "Sayonara". Kodi wailesiyi yawonongeka, kapena oyimba a kumeneko amangoberana mitu? Ndine dalaivala wa ku Mzuzu.

YANKHO: Bambo, wailesi yanu ilibe vuto lililonse, ndipo oyimbawo sanaberane. Mwakumana ndi zinthu ziwiri pakamodzi, ndipo ndi bwino tizilekanitse. Choyamba ndi kasanjidwe ka mawu m'Chijapani, ndipo chachiwiri ndi malo amene duwa limodzi, lotchedwa sakura, lili nawo m'moyo wa anthu a dziko limenelo.

Ife tikamasanja mayina timatsata alifabeti, kuyambira pa A kukafika pa Z. Ajapani satero. Chilembo chilichonse cha hiragana kapena katakana, mitundu iwiri ya zilembo za Chijapani, chimaimira phatikizo lathunthu, monga sa kapena ko, ndipo zilembo zikuluzikulu zotere, zimene zilipo 46 mumtundu uliwonse m'kalembedwe ka lero, anaziika m'mizere. Mzere woyamba ndi a, i, u, e, o. Wachiwiri ndi ka, ki, ku, ke, ko. Wachitatu ndi sa, shi, su, se, so, ndipo kenako pamabwera mizere ya ta, na, ha, ma, ya, ra ndi wa. Mizereyo ilipo khumi, ndipo ndiyo mabatani khumi amene mukuwaona pasikirini panu. Ndondomeko imeneyi amaitcha gojūon, kutanthauza maliwu 50, ndipo ndi imene amatsata m'mabuku otanthauzira mawu, m'kaundula wa ana a sukulu, m'manambala a pafoni ndi m'mashelefu a m'sitolo zogulitsa zimbale. M'nyumba za karaoke, mmene anthu amakayimba okha potsatira zida zojambulidwa kale, makina osankhira nyimbo podina ndi chala asanafale, mlendo ankapatsidwa chibuku chochindikala chimene nyimbo zonse zinasanjidwamo mwa njira yomweyi, ndipo wofuna kuyimba ankayamba wadzifunsa kuti mutu wa nyimbo yake umayamba ndi liwu liti. Batani lachitatu limene mumadina lija ndi la mzere wa sa, wolembedwa さ.

Chimene chimapangitsa kasanjidwe kameneka kukhala kofunika n'chakuti mawu amodzi angathe kulembedwa m'njira zingapo zosafanana n'komwe. Naotaro Moriyama, amene anatulutsa "Sakura" yake mu 2003, analemba mutuwo m'hiragana, さくら, ndipo gulu la Ketsumeishi linachita chimodzimodzi mu 2005. Anyamata awiri a Kobukuro, chakumapeto kwa chaka chomwecho, anagwiritsa ntchito chilembo chimodzi cha kanji, mtundu wa zilembo zochokera ku China, 桜. Gulu la Ikimono-gakari mu 2006 linalemba SAKURA m'zilembo zathu zino. Munthu wosanja potsata maonekedwe a zilembo akanazibalalitsa nyimbo zinayizi m'masamba osiyana, koma popeza khutu limamva mawu amodzi, zonse zimagona pamalo amodzi. Sitikukayika kwenikweni kuti zinayi zimene mphwanu anapeza ndi zimenezi kapena zina za m'zaka zomwezo, pakuti kuyambira 2000 mpaka 2006 nyimbo za duwali zinachuluka kwambiri ndipo zinayenda malonda.

Sakura ndi mtengo umene umachita maluwa oyera mofiirira pang'ono, ndipo mtundu wake wofala kwambiri, Somei Yoshino, umatulutsa maluwa masamba asanaphuke, kotero kuti mtengo wonse umangoti mbee kuyambira kunsonga mpaka kunthambi za m'munsi. Ku Tokyo zimenezi zimachitika chakumapeto kwa Malichi, ndipo funde la maluwali limakwera pang'onopang'ono kulowera kumpoto mpaka kukafika ku Hokkaido kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi. Nkhani yake ndi yaikulu moti a zanyengo ali ndi mtengo wawo wapadera pakachisi wa Yasukuni ku Tokyo, ndipo nyengo ikayandikira akuluakulu awo amapita kukaimirira pansi pake, makamera a wailesi zakanema atawazungulira, n'kumawerenga maluwa ndi maso. Akapeza kuti asanu kapena asanu ndi limodzi amasula, amalengeza kuti nyengo yayamba. Pakatha pafupifupi sabata imodzi mitengo imakhala itadzaza, ndipo pakangopita masiku ena owerengeka maluwawo amayamba kuyoyoka ndi kamphepo kalikonse, n'kuphimba misewu ndi ngalande. Mabanja ndi anthu ogwira ntchito limodzi amayala malona pansi pa mitengoyi n'kumadya ndi kumwa, mwambo umene amautcha hanami.

Kukongola kokha sikukanabala nyimbo zochuluka chotere. Chinsinsi chagona pa kalendala. Ku Japan chaka cha sukulu chimatha mu Malichi ndipo chatsopano chimayamba mu Epulo, mwezi umenenso boma limayambira chaka chake cha zachuma ndipo makampani ambiri amalandira antchito atsopano. Choncho masiku amene maluwa akumasula ndi kuyoyoka ndi omwewo amene ophunzira akulandira masatifiketi misozi ili m'maso, mnyamata akukwera sitima kusiya kwawo kupita kukayamba ntchito ku Tokyo kapena ku Osaka, ndipo anthu amene akhala pabenchi imodzi kwa zaka zitatu akutsanzikana osadziwa ngati adzaonananso. Mjapani akamva mawu akuti sakura amakumbukira tsiku lenileni la m'moyo wake. Woyimba amene wasankha mutu umenewu amakhala akudziwa kuti womvera abwera ndi chikumbukiro chakechake, ndipo ntchito yake ndi kuchipezera mawu.

Mukamvetsera mofatsa mupeza kuti nyimbozi n'zosiyana kwambiri. Ya Moriyama ndi liwu la munthu mmodzi ndi piyano basi, ndipo inakhazikika ngati nyimbo ya pamwambo womaliza maphunziro. Ya Ketsumeishi ili ndi rap ndi ng'oma zofulumira, ndipo ikukumbuka chibwenzi chimene chinatha. Ya Kobukuro ndi imene awiriwo ankayimba m'misewu ya m'chigawo cha Osaka asanatchuke. "Sakurazaka" ya Masaharu Fukuyama, ya mu 2000, inatenga dzina la kamtunda kokhala ndi mitengo ya sakura m'dera la Ōta ku Tokyo, ndipo zimbale zake zoposa 2 miliyoni zinagulidwa. "Sakuranbo" ya Ai Otsuka, ya mu 2003, sikunena za duwa ayi, koma za chipatso chofiira chotchedwa cherry m'Chingerezi, chimene chimalendewera ziwiriziwiri, ndipo ndi nyimbo yachisangalalo ya anthu awiri okondana. Hikaru Utada anali ndi "Sakura Drops" mu 2002, ndipo gulu la atsikana la AKB48 linayamba kutulutsa nyimbo mu 2006 ndi "Sakura no Hanabiratachi". Gogo wa zonsezi ndi "Sakura Sakura", nyimbo yamakolo ya m'zaka za m'ma 1800 imene ophunzira kuyimba koto, choyimbira cha nsambo 13, amayambira.

Pa za kuberana, malamulo a m'mayiko ambiri amateteza mawu a m'nyimbo ndi kayimbidwe kake, koma kawirikawiri sateteza mutu waufupi paokha, makamaka ukakhala dzina la mtengo limene aliyense amatchula. Bungwe la JASRAC, limene lakhala likutolera ndalama za olemba nyimbo kuyambira mu 1939, monga mmene COSOMA imachitira kwathu kuno, limasiyanitsa nyimbo za mutu umodzi poyang'ana amene anazilemba ndi nambala imene nyimbo iliyonse inapatsidwa.

Sitingachite bwino kubisa kuti duwali lili ndi mbiri ina yowawa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, atsogoleri ankayerekezera asilikali achinyamata ndi maluwa a sakura amene amagwa akadali okongola, ndipo ngakhale ndege ina imene woyendetsa ankafera momwemo pophulitsa sitima za adani anaitcha dzina la duwali. Kwa ife, chimodzi mwa zinthu zotonthoza pa nyimbo za m'zaka za m'ma 2000 n'chakuti zinabweza duwali kwa ana a sukulu ndi kwa okondana.

M'batani lomwelo muli zina zosakhudza sakura. "Sayonara" yotchuka kwambiri ndi ya gulu la Off Course, ya mu 1979, ndipo mawuwo ndi otsanzika. Ngati mwini galimotoyo anali wachikulire, mwina mupezamonso nyimbo za enka, chamba cha nyimbo zachisoni zoyimbidwa ndi liwu lonjenjemera, monga "Sazanka no Yado" ya Eisaku Ōkawa ya mu 1982 kapena "Sake yo" ya Ikuzo Yoshi ya mu 1988, imene woyimba akulankhula ndi mowa ngati mnzake. Pempho lathu ndi lakuti musafulumire kuzifufuta. Mndandanda umenewo anausonkhanitsa munthu kwa zaka zambiri ali pachiwongolero chomwecho chimene mwagwira lero.

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa Sitandade 1 m'boma la Dedza. Ndinamva nyimbo ina ya Chijapani ndipo ndinadabwa kuti ndikutha kutsatira mawu ake ngakhale sindikumva tanthauzo. Kodi n'zoona kuti ana a kumeneko amaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo ngati athu? Nanga pali ubale pakati pa ziyankhulo ziwirizi?

YANKHO: Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu, omwewo amene inu mumalemba pabolodi tsiku loyamba, kungoti inu mumati a, e, i, o, u pamene iwo amati a, i, u, e, o. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, monga mmene zilili m'Chichewa, ndipo n'chifukwa chake lilime la Mchewa silipunthwa potchula sakura, sayonara kapena karaoke. Ngakhale vuto lathu lodziwika lija la l ndi r alinso nalo, pakuti ali ndi liwu limodzi lokha limene lili pakati pa awiriwa, ndipo dzina la dziko lathu amalitchula kuti Maraui n'kulisanja mumzere wa ma.

Kusiyana kuli pa kalembedwe. Mwana wanu amaphatikiza s ndi a kuti apeze sa, pamene mwana wa ku Japan amaphunzira chilembo chimodzi chimene ndi sa kale. Akatha hiragana ndi katakana amayamba kanji, zilembo zochokera ku China zimene zimanyamula tanthauzo, ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi za pulayimale amaphunzira 1,026 mwa zilembo 2,136 zimene boma linaika pamndandanda wa zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Popeza chilembo chimodzi cha kanji chikhoza kuwerengedwa m'njira zingapo, wosanja mitu ya nyimbo ayenera kudziwa kaye mmene woyimba mwiniwake amautchulira mutuwo, apo ayi auika pamalo olakwika.

Ubale wa ziyankhulo palibe. Kufanana kumene kulipo kwabwera chifukwa chakuti ziyankhulo ziwiri zikamamanga mawu ndi maphatikizo ofanana, mawu ena amangokumana mwangozi. Mizu kwa ife ndi ya mtengo, kwa iwo ndi madzi. Mame kwa ife amagwa usiku, kwa iwo ndi nyemba. Uta, umene makolo athu ankapita nawo kuuzimba, kwa iwo ndi nyimbo.

Mwina mungakonde kudziwanso kuti gojūon isanafale panali ndondomeko ina yotchedwa iroha, imene ndi ndakatulo yakale yogwiritsa ntchito chilembo chilichonse kamodzi kokha, ndipo inalembedwa kale pofika chaka cha 1079. Ndakatuloyo imayamba ndi ganizo lakuti maluwa, ngakhale akongole bwanji, amayoyoka, zimene zikusonyeza kuti mtima umene uli m'nyimbo za sakura si wa dzulo. Mpaka lero oyimba a ku Japan nthawi zina amatchula manotsi potsata iroha, kotero kuti A ndi i, B ndi ro, ndipo C ndi ha.

Kuti muone mmene kasanjidwe kamaululira zimene anthu amakonda kuyimba, tsegulani kumapeto kwa buku la nyimbo za kutchalitchi kumene kuli mndandanda wa mizere yoyamba. Mupeza kuti pa M ndi pa N nyimbo zadzazana, chifukwa ambiri timayamba ndi Mulungu, Mbuye kapena ndi-, pamene malembo ena alibe kanthu. Mulu wa sakura pansi pa sa ndi chinthu cha mtundu womwewo.

FUNSO: Akonzi, ndimakonda makatuni a ku Japan otchedwa anime. Pamndandanda wina ndinapeza nyimbo ya "Zankoku na Tenshi no Tēze" ili pakati pa nyimbo za "sa". Kodi analakwitsa? Ndine wophunzira wa ku Zomba.

YANKHO: Sanalakwitse, mphwathu. Liwu la za amalilemba ndi chilembo cha sa chomwecho, kungowonjezera timizere tiwiri pamwamba chakumanja, さ n'kukhala ざ, ndipo posanja amaziyesa za banja limodzi. Momwemonso ga amakhala ndi ka, da ndi ta, ndipo ba ndi pa amakhala ndi ha. Nyimbo mukunenayo anayimba ndi Yoko Takahashi mu 1995, ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa zimene anthu amasankha kwambiri m'nyumba za karaoke. Kusintha kwa sa kukhala za kumachitikanso mawu awiri akalumikizana, ndipo ndi mmene saka, kutanthauza kamtunda, anasandukira "-zaka" mu "Sakurazaka". Chilembo chimene simudzachipeza kawirikawiri koyambirira kwa mutu ndi n woima payekha, chifukwa mawu wamba a Chijapani sayamba nacho. Ana a kumeneko ali ndi masewera otchedwa shiritori, amene wina amatchula mawu oyamba ndi liwu limene mnzake wathera, ndipo amene watchula mawu othera ndi n ndiye wagonja.

FUNSO: Akonzi, ndine wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Bulawayo. Ndili mnyamata ndinkamva pawailesi nyimbo ya Chijapani yokhala ndi likhweru pakati, imene ankaitcha "Sukiyaki". Mdzukulu wanga wafufuza pamindandanda ya Chijapani pansi pa "su" koma sakuipeza. Kodi inaiwalika kwawo?

YANKHO: Agogo, nyimbo imeneyo sinaiwalike ngakhale pang'ono, koma kwawo sadaitche dzina limenelo. Mutu wake weniweni ndi "Ue o Muite Arukō", kutanthauza kuti ndiyende nditayang'ana kumwamba, ndipo chifukwa chimene woyimbayo akuyang'anira kumwamba n'chakuti misozi isagwe. Anaiyimba ndi Kyu Sakamoto mu 1961, mawu analemba ndi Rokusuke Ei, ndipo kayimbidwe anakonza ndi Hachidai Nakamura.

Dzina la "Sukiyaki" linabadwira ku Britain. Mkulu wina wa kampani ya Pye Records, Louis Benjamin, anaimva nyimboyi ali ku Japan ndipo anaipereka kwa Kenny Ball ndi gulu lake la jazi kuti aiyimbe ndi zida zokha. Poganiza kuti oulutsa mawu a ku London sangathe kutchula mutu wake, anautaya n'kuikapo mawu a Chijapani osavuta kukumbukira. Kampani ya Capitol Records itatulutsa nyimbo yeniyeni ya Sakamoto ku America inasunga dzina lomwelo, ndipo mu Juni 1963 inakhala pamwamba pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, kwa masabata atatu. Mpaka pano ndi nyimbo yokhayo yoyimbidwa m'Chijapani imene inafika pamalo amenewo.

Tsono sukiyaki ndi chakudya, nyama ya ng'ombe yodulidwa mopyapyala imene amaiphika patebulo pomwepo pamodzi ndi masamba, tofu, shuga ndi msuzi wa soya. M'nyimbo yonseyo mulibe mawu amodzi onena za chakudya. Ife timaona kuti kusintha kumeneku kunailakwira nyimboyo, mofanana ndi mlendo amene angatenge nyimbo yathu ya munthu wosweka mtima n'kuitcha kondowole chifukwa chakuti ndi mawu okhawo amene anagwira ali kuno. Mamiliyoni a anthu anaimva ngati nyimbo yachisangalalo chifukwa cha likhweru lija, osadziwa kuti ndi ya munthu amene akuyenda yekha usiku akudziletsa kulira. Ngakhale mawu a Chingerezi amene gulu la A Taste of Honey linayimba mu nyimbo yomweyi, imene inatchuka mu 1981, anali atsopano, osati omasulira oyambawo.

Sakamoto anamwalira pa 12 Ogasiti 1985 ali ndi zaka 43, pamene ndege ya Japan Airlines imene inanyamuka ku Tokyo kupita ku Osaka inagwa m'mapiri a m'chigawo cha Gunma, ndipo mwa anthu 524 amene anali m'ndegemo anapulumuka anayi okha. Chivomezi ndi madzi osefukira a pa 11 Malichi 2011 zitawononga kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, nyimbo yake inali imodzi mwa zimene anthu anabwerera kukaziyimba, pawailesi zakanema ndi m'malo amene opulumuka ankasungidwa.

Muuzeni mdzukulu wanu achoke pamzere wa sa abwerere pamzere woyamba, wa a, i, u, e, o, ndipo ayang'ane pansi pa liwu lachitatu, う. Akalemba "Ue o Muite Arukō" ndi dzina la Kyu Sakamoto, likhweru lija mulimvanso.